Chikuku cha pa bwalo la ndege: amalipira ndani?

Mayi wina wa m'boma la Mchinji, amene anthu a m'mudzi mwawo amangowatchula kuti a msungichuma, adakana kawiri konse ulendo wa ku Mangalande. Ndalama ya tikiti idalipo, chiphaso choyendera chidali chitatuluka, ndipo ukwati umene ankaitanidwirawo udali wa mdzukulu amene adamulera okha mpaka atakwana zaka 6, mayi ake atapita kukagwira ntchito ya unamwino kunjako m'chaka cha 2003. Anthu ankaganiza kuti gogowo akuopa ndege. Koma chimene ankaopa ndi mawondo awo.

Zaka zoposa 50 za khasu m'minda ya fodya ndi mtedza zidawasiyira nyamakazi m'mawondo onse awiri. Pa zaka 71 ankayenda ndi ndodo, ndipo ulendo wa ku tchalitchi, umene mnyamata amauyenda osauzindikira n'komwe, iwo ankaudula patatu, kupumira pa chitsa ndi pa khonde la sitolo. Tsono munthu wina wa pa mpingo amene adayendako kunja adawauza kuti bwalo la ndege la kwa azungu ndi lalitali ngati kuchoka pamudzi kukafika pamsika, kuti anthu amathamanga ndi zikwama posintha ndege, ndipo wochedwa amasiyidwa. Adamva zimenezo n'kungoti chete. Madzulo ake adauza mdzukulu wamwamuna amene amakhala nawo kuti aimbe foni ku Mangalande, anene kuti gogo adzadalitsa ukwatiwo ali konkuno.

"Amayi, musade nkhawa ndi zoyenda," adatero mwana wawo pa foni. "Pa bwalo lililonse pali anthu a ntchito imeneyo. Adzakukhazikani pa chikuku, adzakukankhani mpaka pakhomo pa ndege."

"Chikuku? Ine sindine wolumala, mwanawe."

"Si cha olumala okha, amayi. Ndi cha aliyense amene kuyenda kukumuvuta."

Padali kachetechete pang'ono, kenaka lidatuluka funso limene aliyense wowadziwa akadaliyembekezera: "Nanga wokankhayo amalipidwa ndi ndani?"

Dzina lakuti msungichuma silidawagwere mwangozi. Kwa zaka 14 mayiwa adakhala akusunga thumba la mjigo wa m'mudzi mwawo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope lawo la chikuto cholimba, kulemba banja limene lapereka ndi limene lapempha kuti lidikiridwe mpaka litagulitsa mtedza. Adaona ndi maso awo mjigo wa mudzi woyandikana nawo ukufa chifukwa anthu ankati madziwo ndi aulere, adabwera ndi bungwe. Rabala itatha padalibe wogula ina, ndipo amayi a kumeneko adabwerera ku dambo. Chiyambire pamenepo, munthu akawauza kuti chinthu ndi chaulere, iwo amamva kuti pali wina amene akulipira mwakachetechete, apo ayi chinthucho sichikhalitsa. Padalinso china chimene sadanene pa foni. Sadafune kukakhala wopempha chifundo pamaso pa alendo, wokankhidwa ndi munthu amene akungowachitira ulere kwinaku akuyang'ana pa wotchi.

Funso lawolo silidali la munthu wakumudzi wosadziwa za ndege. Ndi lomwelo limene lidavutitsa makhoti ndi aphungu a ku Ulaya kwa zaka zingapo.

M'mwezi wa Malichi 2002, bambo wina wa ku London dzina lake Bob Ross adapita pa bwalo la ndege la Stansted kuti akwere ndege ya kampani ya Ryanair yopita ku Perpignan, m'dziko la France. Bamboyu adali ndi ulumali wotchedwa cerebral palsy komanso nyamakazi. Ankatha kuyenda pang'ono, koma kuima pa mzere nthawi yaitali ndi kuyenda mtunda wonse wochoka polembetsera kukafika pa ndege kudali kopitirira mphamvu zake. Adapempha chikuku, ndipo adauzidwa kuti alipire mapaundi 18. Chodabwitsa n'chakuti munthu wobwera ndi chikuku chakechake ankathandizidwa osalipira. Wolipitsidwa adali munthu wonga Ross, wonganso a msungichuma, amene amayenda ndi miyendo yake koma safika nayo patali.

Ross adakasuma mothandizidwa ndi bungwe la Disability Rights Commission, pogwiritsa ntchito lamulo la 1995 loletsa kusala anthu olumala. Mu Januwale 2004 khoti lidagamula kuti Ryanair idalakwa, ndipo lidalamula kuti apatsidwe mapaundi 1,336. Mwa ndalamazo, mapaundi 1,000 adali opepesera kunyozeka kumene adamva mumtima. Kampaniyo idachita apilo, ikunena kuti bwalo si lake, choncho mwini bwalo ndiye ayenera kupereka zikuku. Idalengezanso kuti iwonjezera theka la paundi pa tikiti iliyonse ngati msonkho wa chikuku, zimene ambiri adaziona ngati kulozera chala anthu olumala kuti ndiwo akweza mtengo wa ulendo. Mu Disembala chaka chomwecho khoti la apilo lidati onse awiri, kampani ya ndege ndi eni bwalo la Stansted, adali ndi udindo, ndipo agawane mlanduwo. Ross adapambana, koma mkangano weniweni udatsala pomwepo. Mbuzi ikakhala ya abusa awiri, aliyense amayesa kuti mnzake ndiye waitsekera m'khola.

Yankho lidachokera ku bungwe la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya la European Union. Pa 5 Julayi 2006 bungweli lidakhazikitsa lamulo nambala 1107/2006, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 26 Julayi 2008. Dziko la Britain, ngakhale lidatuluka m'bungweli mu 2020, lidasunga lamuloli m'malamulo ake. Lamuloli limaletsa kampani ya ndege kukana munthu chifukwa cha ulumali, pokhapokha patakhala chifukwa chenicheni cha chitetezo kapena kukula kwa ndege ndi zitseko zake kusakulola. Silinena za anthu a pa chikuku okha. Limawerengera osaona, osamva, a vuto la m'maganizo, wothyoka mwendo amene adzachira mwezi wamawa, komanso munthu amene ukalamba wamuchepetsera mphamvu zoyendera. Silifunanso kuti munthu aonetse kalata ya dokotala kuti apatsidwe chikuku.

Mbuzi ija lidaipatsa mbusa mmodzi. Pansi, udindo ndi wa eni bwalo: kuyambira pamene munthu wafikira, kaya ndi poimika galimoto, pa siteshoni ya sitima kapena pa depoti ya basi ya pa bwalopo, kudutsa polembetsera, pofufuza katundu ndi pa ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, mpaka atakhala pampando wake m'ndege. Pofika, njira yomweyo mobwerera. M'ndege udindo ndi wa kampani, imene iyeneranso kunyamula zipangizo ziwiri zoyendera za munthuyo osamulipitsa. Ndipo pa zonsezi munthu wothandizidwayo sapemphedwa ndalama iliyonse yapadera.

Komatu ntchitoyi imadya ndalama. Pamafunika malipiro a anthu osinthana usana ndi usiku, maphunziro a kanyamulidwe ka munthu osamupweteka kapena kumuchititsa manyazi, zikuku zambirimbiri, timagalimoto tamagetsi toyenda m'makonde aatali, kachikuku kopapatiza kodutsa pakati pa mipando ya m'ndege, ndiponso galimoto yokhala ndi kachipinda kokwera m'mwamba ngati chikepe, yotchedwa ambulift, imene imafikitsa pakhomo la ndege munthu wosatha kukwera masitepe. Apa ndi pamene pagona luso la lamuloli. Eni bwalo amaloledwa kusonkhetsa ndalama yapadera kwa makampani onse a ndege amene amagwiritsa ntchito bwalolo, ndipo gawo la kampani iliyonse limawerengedwa potengera chiwerengero cha anthu onse amene imanyamula pa bwalopo, osati chiwerengero cha olumala amene yanyamula. Kampani yonyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a apaulendo onse imalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo, kaya mwezi umenewo yanyamula anthu a pa chikuku 1,000 kapena sidanyamule ndi mmodzi yemwe. Kampaniyo nayo imaphatikiza kandalamako mu mtengo wa tikiti ya aliyense.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene adakwerapo minibasi. Ikadakhala kuti kampani imalipira pa mutu wa munthu wolumala aliyense amene yanyamula, munthu ameneyo akadasanduka chitayiko m'mabuku ake, ndipo ikadapeza njira zomufooketsera: foni yosayankhidwa, mafomu osatha, yankho lakuti malo atha. Koma popeza ndalama imatuluka chimodzimodzi kaya wamunyamula kapena ayi, palibe phindu lililonse pomukana. Kusiyana kwake ndi theka la paundi la Ryanair kuli pa kauntala ndi mabuku. Lamulo limati ndalamayo ikhale yoyenera, yogwirizana ndi mtengo weniweni wa ntchitoyo, yoonekera poyera, ndiponso yokhazikitsidwa pokambirana ndi makampani kudzera m'komiti ya ogwiritsa ntchito bwalo. Eni bwalo ayenera kusunga mabuku a thumba limeneli padera, osasakaniza ndi ndalama za masitolo kapena za poimika galimoto, ndipo chaka ndi chaka ayenera kuonetsa zolowa ndi zotuluka zitaunikidwa ndi akatswiri owerengera chuma.

Mwana wa a msungichuma sankadziwa zonsezi pamtima. Adachita kufufuza pa intaneti usiku atawerukako ku chipatala, n'kuimbanso foni mawa lake.

"Amayi, ndalama ya chikuku ili mu tikiti momwemo. Ndipo aliyense amene mudzakwere naye ndegeyo walipirako."

"Ngakhale anyamata othamanga aja?"

"Ngakhale anyamata, amayi."

"Nanga amasunga ndani? Buku lake amaliona ndani?"

Atafotokozeredwa, adakhala kanthawi osayankha. Zimene adamvazo adazidziwa kale. Pa mjigo wa kwawo nkhalamba zosatha kudzithandiza sizilipira, koma zimatunga madzi ngati wina aliyense, ndipo palibe amene amaima pa mjigo kuzikumbutsa kuti zikumwa zaulere, chifukwa mabanja onse adagwirizana choncho ndipo zidalembedwa m'kope. "Ngati zili choncho, gula tikitiyo," adatero.

Padatsala kamkangano kamodzi. Makampani a ndege amagwiritsa ntchito zilembo zapadera pofotokoza thandizo limene munthu akufuna. WCHR ndi wa munthu amene amakwera masitepe yekha koma mtunda wautali umamukanika. WCHS ndi wa amene masitepe sangawathe. WCHC ndi wa amene ayenera kunyamulidwa mpaka pampando. Mwana ankafuna kulemba WCHS. Mayi adakanitsitsa: masitepe akwera okha bola asawafulumizitse. Adalemba WCHR, ndipo adadziwitsa kampani nthawi ikadalipo, pakuti lamulo limapempha kuti munthu anene pasanatsale maola 48 kuti ndege inyamuke. Wosanena amathandizidwabe, koma eni bwalo amangoyesetsa mmene angathere. Ngakhale adatsimikiziridwa zonsezi, usiku woti mawa anyamuka gogowo adatenga ndalama za makwacha pa zimene adagulitsa mtedza n'kuzimanga pa mfundo ya chitenje. Padalibe amene adawauza kuti kwacha siyenda ku Mangalande, ndipo iwo sadafunse.

Adanyamuka mu Ogasiti 2023. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe molunjika ku Britain. Anthu amasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mnyamata wovala yunifolomu adawakankha mpaka patsinde pa masitepe, ndipo adakwera okha, sitepe imodzi imodzi, ndodo patsogolo. Posinthira ndege adaona zoona za mawu a munthu wa pa mpingo uja. Makonde adali aataliatali, anthu akuthamangadi ndi zikwama, koma iwo adadutsa pakati pawo atakhala, chikwama chili pamiyendo.

Vuto lidawapeza kumapeto, kumene lamulo ndi lolimba kuposa konse. Ndege itatera m'mawa m'dziko la Britain, wantchito wa m'ndege adawauza ndi manja kuti akhale kaye. Anthu adatuluka onse. Adatsala atatu: iwo, bambo wina wokalamba wa nduwira kumutu, ndi mtsikana wa mwendo wa pulasitala. Osesa adalowa n'kuyamba kutola zinyalala ndi mabulangeti mowazungulira. Gogowo adali atafuna chimbudzi kuyambira ndege isanatere, koma Chingerezi chofunsira adalibe, ndipo manyazi adawagwira. Adangokhala, manja ali pa ndodo, kuyang'ana pa windo ngolo za katundu zikupita. Kunja, mwana wawo ankaona anthu a ndege imeneyo akutuluka mpaka chitseko chidaleka kutseguka. Bungwe loyang'anira za ndege m'dzikomo, la Civil Aviation Authority, limayembekezera kuti munthu amene adanena pasadakhale alandire thandizo pasanathe mphindi 20 ndege itaima, ndipo wosanena pasanathe mphindi 45. Iwo adadikira pafupifupi ola lathunthu.

Amene adabwera adali mayi wa zaka zapakati, thukuta lili pamphumi, wailesi ya m'manja ikulankhula mosalekeza pa phewa pake. Adapepesa kangapo. Adawayang'ana kumaso, n'kuloza chitseko cha chimbudzi ngati wofunsa, ndipo gogowo adagwedeza mutu mwachangu. Atafika potulukira, asanakumbatire ngakhale mwana wawo, adayamba kumasula mfundo ya chitenje. Mayi uja adaona makwachawo, adamwetulira, adapinda zala za gogowo kuti zifumbate ndalamazo n'kubwezera dzanjalo pachifuwa pawo. Adauza mwana wawo kuti adayamba ntchito 4 koloko m'mawa, ndipo ndege zitatu zidatera nthawi imodzi anthu ogwira ntchito ali ochepa. Wailesi idaitananso, ndipo adatembenuza chikuku n'kubwerera chothamanga.

Kudikira kotereku sikugwera amayi a ku Mchinji okha. Frank Gardner, mtolankhani wotchuka wa BBC amene amayendera chikuku chichokereni pamene adawomberedwa ndi zigawenga ku Saudi Arabia mu 2004, adatsala m'ndege pa bwalo la Heathrow kwa nthawi yoposa ola ndi theka mu Malichi 2018, akuchokera ku Addis Ababa, chifukwa chikuku chake chidasokonekera. Mu Juni 2022, maulendo atayambiranso pambuyo pa mliri wa Covid-19 koma antchito ambiri atachotsedwa, bungwe la Civil Aviation Authority lidachita kulembera mabwalo kalata yowachenjeza kuti zimene zinkachitikira anthu olumala zidali zosavomerezeka. Bungweli limatulutsa lipoti chaka ndi chaka, kuyambira mu 2016, losonyeza mabwalo amene akuchita bwino ndi amene akulephera.

Gwero la vutoli ndi lomwe a msungichuma amalidziwa pa mjigo: kugwirizana kuti aliyense asonkhe ndi chinthu china, kugwirizana kuti asonkhe zokwanira ndi chinanso. Lamulo limalola eni bwalo kupereka ntchitoyi kwa kampani ina pa kontirakiti, ndipo mabwalo ambiri akuluakulu amachita zimenezo. Pa tebulo lokambirana mtengo pamakhala makampani a ndege, amene amafuna kuti kandalamako katsike chifukwa amapikisana pa mitengo ya matikiti. Kontirakiti ikapita kwa wotchipa, wotchipayo amapulumutsa ndalama pa chinthu chimodzi chimene chimadya kwambiri, ndicho antchito. Munthu amene adzakhale yekha m'ndege ndi osesa sakhala ndi voti pa mtengowo. Chikhalirecho, ofuna thandizo akuchuluka. Malinga ndi Civil Aviation Authority, mu 2024 anthu 5.5 miliyoni adapempha thandizo pa mabwalo a ku Britain, pafupifupi anthu 2 mwa 100 alionse, pamene mu 2010 sankakwana ndi mmodzi yemwe mwa 100. Ena amadandaula kuti pali anthu amphamvu amene amapempha chikuku pofuna kuzemba mizere. Mwina alipo, koma nyamakazi sioneka pankhope, ndipo mayi amene adakwera masitepe yekha ku Lumbadzi akadaoneka wabodza kwa woweruza ndi maso. Chachikulu n'chakuti anthu akukalamba ndipo akuyendabe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mnyamata wothamanga ndi chikwama akusonkhera chikuku chimene adzakhalepo yekha.

Dziko la Amereka lidatenga njira ina. Lamulo lawo la 1986, la Air Carrier Access Act, lidaika udindo pa makampani a ndege, osati pa eni bwalo. Kumenekonso munthu salipitsidwa, koma okankha zikuku ambiri ndi antchito a makampani a kontirakiti olandira malipiro otsika, ndipo chidakhala chizolowezi kuti wothandizidwa awapatse kangachepe. Kumeneko mfundo ya chitenje ikadamasulidwadi. Ndalama imene lamulo lidaitsekera pakhomo imalowera pawindo, ndipo imatuluka m'thumba la munthu yemwe uja amene lamulo linkafuna kumuteteza. Mu Okutobala 2024 boma la Amereka lidalipitsa kampani ya American Airlines chindapusa cha madola 50 miliyoni chifukwa chosasamalira bwino anthu olumala ndi zikuku zawo.

Wowerenga wa ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Angónia angafunse kuti nkhani ya ndege ikumukhudza bwanji munthu amene ulendo wake waukulu ndi wa pa kabaza. Lamulo la ku Ulaya siligwira ntchito pa mabwalo a mu Africa. Koma mfundo yake ndi yomwe ili m'pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene lidavomerezedwa mu Disembala 2006. Malawi adalivomereza mu 2009, Zambia mu 2010, Mozambique mu 2012, ndipo ndime 9 ya panganoli imanena za kufikirika kwa nyumba, misewu ndi zoyendera. Malawi adapanga lamulo la anthu olumala mu 2012, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi latsopano limene lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Malamulo alipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi yankho la funso la a msungichuma. Lamulo la 2012 lidakhazikitsa thumba la Disability Trust Fund, koma padapita zaka lisanayambe kugwira ntchito.

Pamene yankho lasowa, mtengo umagwera pa munthu mmodzi. Anthu oyendera chikuku m'matauni a m'chigawo chino amadziwa kondakitala amene amati chikuku ndi katundu, chilipiridwe padera, kapena dalaivala amene amangodutsa pa siteji ngati sadaone munthu, poopa kuchedwa ndi kutaya malo a anthu awiri. Kondakitalayo si woipa mtima kuposa anthu ena. Madzulo ayenera kupereka ndalama yokwana kwa mwini galimoto, ndipo kwa iye yekha munthu wa chikuku ndi chitayiko. Ndi masamu omwewo amene adalipitsa Bob Ross mapaundi 18. Alangizi a m'midzi amakumana nawo mwanjira zina: sukulu yomangidwa ndi masitepe chifukwa ndalama ya njira yotsetsereka sidali mu bajeti, msonkhano wa alimi wopanda womasulira chinenero cha manja chifukwa palibe amene adaika mtengo wake papepala. Nthawi zonse amati adzaona munthuyo akadzabwera, ndipo munthuyo, podziwa zimenezo, sabwera.

Ukwati udachitika. Gogowo adavina atakhala pampando, ndodo ili m'mwamba, ndipo mkwatibwi adagwada n'kuika mutu pamiyendo yawo monga ankachitira ali mwana. Pobwerera chikuku chidafika nthawi yake. Mwana wawo adalemba dandaulo la ola lija kwa eni bwalo, monga lamulo limalolera, ndipo adalandira kalata yopepesa.

Pa msonkhano woyamba wa komiti ya mjigo atabwerako, anthu ankayembekezera nkhani za chisanu ndi nyumba zosanja. Iwo adayamba ndi bambo wina wa m'mudzimo amene poliyo idamupha miyendo ali mwana, woyendera njinga yopalasa ndi manja. Mjigo wazunguliridwa ndi kakhoma ka simenti ndi matope a pa ngalande, choncho njinga yake siifikapo. Amadikira ana a eni ake kuti amutungire, nthawi zina amawapatsa kandalama. Ndipo mwezi ndi mwezi amasonkha ngati wina aliyense. A msungichuma adapempha kuti banja lililonse liwonjezere K200 pamwezi mpaka zikwane matumba a simenti omangira njira yotsetsereka, ndipo ndalamazo zilembedwe patsamba lapadera.

"Zonsezi chifukwa cha munthu mmodzi, a msungichuma?" adafunsa wapampando. "Bwanji abale ake asamuthandize?"

Iwo adakweza ndodo yawo n'kuiika patebulo. "Awiri, a tcheya. Chaka chamawa kakhomako ine sindidzakadumpha."

Anthu adaseka, ena adang'ung'udza za kukwera mtengo kwa feteleza, ndipo adagwirizana kuti nkhaniyo ipite kwa anyakwawa. Msonkhano usanabalalike gogowo adatsegula kope chakumapeto, adalemba mutu wa tsambalo, adamasula mfundo ya chitenje n'kuwerenga pamaso pa onse makwacha amene adapita ku Mangalande n'kubwerako. Adalemba dzina lawo pa mzere woyamba. Pofika nthawi ya mvula zoyamba mabanja 9 adali atalembedwa pansi pawo, ndipo simenti idali itakwera mtengo kawiri.